Chimanga cha m'Kompyuta

Wakuba amene amasiya thumba la chimanga chaka cha njala ine ndinali ndisanamuonepo. Ndagwira upolisi pa Balaka mpaka nsapato kutha zidendene. Ndamangapo oba mbuzi, oba mawaya a magetsi, ngakhale bambo wina amene anaba gaga wa nkhumba kuti akaphikire ana. Koma Loweruka limenelo, m'chipinda choyezera mbewu pa malo a kafukufuku a kwa Nsamala, thumba la chimanga linali lili chiimire pakona, lomanga bwinobwino, pamene kompyuta ya m'manja, yakale ndiponso yong'aluka pakona, inali itapita.

Ndine Sajeni Rashida Mustafa. Nkhaniyi inandipeza Lachisanu madzulo ndikuchapa yunifolomu. Mkulu wa malowo, Dokotala Pitala Nampeya, anandiimbira kuchokera ku msonkhano ku Lilongwe. Anati kompyuta yabedwa, ndipo akuganizira Umar Twaha, wothandizira wawo amene amasunga makiyi. Anati timudikire pa Nayuchi, chifukwa akaigulitsa kwa anthu a ku Mozambique. Anzathu a kumeneko anamugwiradi m'mawa mwake pa msika, atanyamula matumba opanda kanthu.

Bwana wanga anafuna kuti mlanduwu ukalowe m'khoti sabata yomweyo. Ine ndinakana. Umar ndi wa kwathu ku Nselema, tinakhala pa mphasa imodzi ku madrasa, iye ali kamwana kamamina. Ndinauza bwana pamaso pa anzanga kuti munthu ameneyo sangabe ngakhale singano, ndipo akapita kundende ine ndivula chipewa. Bwana anaseka, nati ndipite ndikamubweretsere wakuba wina.

Mlonda wa pamalopo, Che Swaibu, anandilandira pakhonde chipewa chili m'manja.

"Salaam aleikum, Che Swaibu."

"Waleikum salaam, mama. Ine, Wallahi, sindinaone kanthu."

"Sindinafunsetu kanthu."

"Eetu, koma ndayankhiratu."

Chitseko sichinathyoledwe. M'kati munali fungo la ndiwo zogonera. Firiji yaikulu inali yotsegula, chingwe chake chitazulidwa kukhoma. Timabotolo tambirimbiri tinali kuyandama m'madzi, ndipo masamba a chimanga amene anali m'menemo anali atasanduka phala lakuda.

"Mwazindikira liti?" ndinafunsa.

"Lero m'mawa, mama, ndikusesa. Ndangoona madzi akutuluka kunsi kwa chitseko. Ndasuzumira pa windo, ndiye ndathamanga kukaitana a Thokozire, ofufuza achitsikana aja. Ndi amene ali ndi kiyi winayo."

"Dzulo munali kuti?"

"Pompano. Tsiku lonse. Sindinasunthe." Anakanda ndevu. "Kupatula swala ya Ijuma ku mzikiti. Imeneyo adokotala anandiloleza kalekale, aliyense pano amadziwa."

"Umar munamuona ku mzikiti?"

"Anthu anali ambiri, mama."

"Che Swaibu."

"Iyayi, sanabwere. Koma mwina anatsekula m'mimba. Zakudya za chaka chino mukuzidziwa."

Ndinalowa mu ofesi ya pambali. Munali kafiriji kakang'ono kosungira madzi akumwa, ndipo kanali kakulira bwinobwino. Nditatsegula ndinapeza mpukutu wa nyuzipepala. M'kati munali milamba yaiwisi, yozizira, yosawonongeka.

"Nsomba zanga!" Che Swaibu anafuula, kenako anadzigwira pakamwa.

"Mumasunga muno?"

"Iyayi. Muno adokotala angazione. Ndimabisa pansi penipeni pa firiji yaikuluyo, kunsi kwa mabotolo. N'zoletsedwa, mama, koma mphwanga akabwera nazo kuchokera ku Chiuta ndizitani?"

"Ndiye wazisamutsa ndani?"

Ndinaima pamenepo ndikuganizira za wakuba amene wawoletsa masamba onse dala, koma mtima wake sunalole kuti ndiwo za nkhalamba ziwole.

"Amadziwa za nsombazi ndani, Che Swaibu?"

"Mulungu," anatero motsitsa mawu. "Ndi Umar."

* * *

Thokozire Gomiwa ndinamupeza atakhala pa chitsa kuseri kwa nyumbayo, maso ali psuu. Ndi mtsikana wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya.

"Kompyuta sikundipweteka kwambiri, asajeni. Masambawo. Zaka za ntchito zathera m'madzi onunkha."

"Ndifotokozereni ngati mukufotokozera azakhali anu. Munali chiyani m'kompyutamo?"

"Modelo. Anthu pano amangoti chimanga cha m'kompyuta. Mumadula tsamba, mumayeza madzi ake, shuga wake, ndi zina zonse zili m'kati. Manambalawo mumaipatsa kompyuta, iyo n'kuwerengera mmene chomeracho chingachitire mvula ikadula. Adokotala ndi amene anaipanga. Ndi imene inanena kuti mbewu ya Pirira siifa ndi ng'amba."

Pirira ndinaidziwa, ndipo ndani sanaidziwe? Inagawidwa chaka chatha kwa Nsamala ndi ku Nselema, ndi nyimbo pa wailesi. Mvula itadula, inafota isanamasule n'komwe. Njala imene tinali kuidya nthawi imeneyo theka lake inali ya Pirira.

"Ndiye inu mukulowa pati?"

"Amene amapereka ndalama za ntchitoyi anati asanagulenso mbewu ya chaka chino, modeloyo iikidwe poyera. Zonse: manambala, kawerengedwe kake, mmene masamba anadulidwira. Kuti munthu wina, kaya ku Zomba kaya kunja, aiyendetse payekha n'kupeza yankho lomwelo. Ntchito yanga ndi imeneyo. Mukandipatsa kaphikidwe kanu ka mandasi, ine n'kutsatira chilichonse, koma n'kutuluka chigumu, ndiye kuti pali chimene simunandiuze."

"Chinatuluka chigumu?"

"Ndinadzala Pirira pompano, yothirira. Ndinasiya kuthirira. Ndinadula masamba masana dzuwa lili paliwombo, monga analembera adokotala, chifukwa ndi nthawi imene chomera chimavutika kwenikweni. Ndinalowetsa manambala. Kompyuta inati mbewuyi ifa. Ndinabwereza, inati ifa. Ndinkaganiza kuti wolakwa ndine, asajeni, ndinkalephera ndi kudya komwe. Ndinapempha mafayilo oyambirira, adokotala anati mawa. Mawa linafika, anati mawa. Ndiye ndinawauza kuti Lolemba ndiyezanso masamba akale aja a m'firiji."

"Munawauza liti?"

"Asananyamuke kupita ku Lilongwe." Anandiyang'ana, kenako anapukusa mutu mwamphamvu. "Ayi, musaganize zimenezo. Munthu ameneyu anandiphunzitsa. Ndinasiya ntchito yabwino ku Zomba chifukwa cha iyeyo. Komanso sanalipo."

Ankanditsutsa ine, koma misozi inali ikutsika, ndipo ndinaona kuti amene akulimbana naye kwenikweni ndi mtima wake.

* * *

Dokotala Nampeya anafika Lamulungu, malaya oyera osakwinyika ngakhale pang'ono pamsewu wonse wa Lilongwe. Anandipatsa mpando, anandifunsa za kunyumba, anandionetsa pa foni zithunzi za msonkhano. Analimo, pamzere wakutsogolo, Lachisanu masana. Ndinaimbira anthu awiri amene anali nawo, ndipo onse anavomereza.

"Umar ndi mwana wanga, Sajeni," anatero mofatsa. "Ndinamutola akukwezera anthu katundu pa depoti. Ndinamuphunzitsa kugwira botolo, ndinamuphunzitsa njinga yamoto. Koma njala ndi chilombo. Sindikumuda ayi."

"Munthu wanjala asiye thumba la chimanga?"

"Kompyuta imanyamulika. Thumba limaoneka."

"Nanga firiji anazimitsiranji?"

Anatambasula manja. "Mantha, mwina. Kapena mkwiyo. Mtima wa munthu sitiuyeza mu labu."

"Mafayilo oyambirira ali kwina?"

"Ndiye tsoka lake limenelo. Onse anali m'menemo."

"Ndiye za Pirira zatha?"

"Zatha bwanji? Zotsatira zathu zinasindikizidwa kale, akatswiri anazivomereza. Ng'amba ya chaka chatha inali yoposa muyeso, mbewu iliyonse ikanafa. Thokozire ndi mwana wanzeru, koma akadaphunzira. Popanda masamba akale palibe chofananitsa nacho. Mbewu ipita kwa alimi mvula isanagwe."

Anandiperekeza mpaka pa galimoto, nanditsegulira chitseko. Ulemu wotere umandichititsa nthumanzi.

* * *

Umar anali atakhala pansi m'chitokosi, atatsamira khoma. Ataona kuti ndine, anaimirira.

"Achemwali."

"Pano sindine achemwali ako. Lachisanu masana unali kuti?"

Anatsamiranso khoma, ine n'kufunsanso.

"Nsomba za Che Swaibu anasamutsa ndani?"

Anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Umar, ndaika chipewa changa pa iwe. Ukakhala chete, khoti likupatsa zaka. Ukumva? Zaka. Ana ako akulira m'manja mwa amayi ako, amene alibe ngakhale gaga."

Anatukula mutu, ndipo ndinaganiza kuti alankhula.

"Adokotala abwera?" anafunsa. "Anati abwera."

* * *

Lolemba ndinakwera ya ku Nselema. Kuchokera pa Liwonde mpaka pa Ntaja minda inali mbee, anthu atakhala m'mphepete mwa msewu ndi timilu ta makala topanda wogula. Amayi ake a Umar, mayi Lukiya, ndinawapeza akuwiritsa mango osapsa. Anandizindikira ndisanatsike n'komwe pa kabaza.

"Rashida mwana wa Che Mustafa! Wabwera kudzanditengera inenso?"

"Ndabwera kudzamuthandiza, amayi."

"Ukamuthandize pomutulutsa. Mwana wanga anagona pano Lachisanu, m'mawa n'kupita ku Nayuchi kukandifunira chimanga. Kumeneko ndiye kuba?"

"Anabwera ndi katundu?"

"Chikwama chake cha kumsana, cha masiku onse."

Ndinakhala pa mphasa. Sindinafunikire kufunsa zambiri, mayi Lukiya akayamba kuyamikira mwana wawo sapuma. Anandilozera munda wa kuseri kwa nyumba. Anati Pirira inayesedwera mmenemo, ndipo iwo ndi amene anayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzawo kuti asiye chimanga cha makolo, atenge cha adokotala.

"Ena anakazinga mbewu yawo yakale n'kudya, poti yatsopano ikubwera. Lero akandiona pa mjigo amasiya nkhani. Koma ndimawauza kuti mlandu ndi wa dzuwa, si wa Umar. Mnyamata amene uja anagwira ntchito ngati bulu. Chaka choyeseracho Ramadhani inagwa pa ng'amba ya Malichi, ukukumbuka? Tikangodya daku kusanache, iye n'kuswali, uyo kumunda. Mame mpaka m'mawondo. Dzuwa likamatuluka, masamba ali kale m'chibotolo chake chozizira, chofuka nthunzi chija, njinga yayaka, wa ku Balaka."

Ndinasiya kudya mango amene anandipatsa.

"M'mamawa, amayi? Osati masana?"

"Masana ndani, munthu atafunga, osadya osamwa? Tsiku loyamba anayesa. Anadula dzuwa lili pamutu, n'kuyamba ulendo wopanda ngakhale dontho la madzi kukhosi. Anachita chizungulire, anagwa ndi njinga pa Ntaja, bondo lonse kusupuka. Ndiye anawaimbira adokotala, ine ndili pompo. Ngwamba, ayi ndithu, mwanangu sachita kanthu mobisa."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati tsamba ndi tsamba, bola lifike."

Anaseka monyadira, nandiwonjezera mango ena.

* * *

Ndinaimbira Thokozire ndili pansi pa mtengo wa pa msika wa Nselema, pamene pamagwira netiweki. Ndinamuuza zimene ndinamva kwa mayi Lukiya.

"Asajeni," anatero, ndipo ulendo uno ankalankhula pang'onopang'ono. "Tsamba la m'mamawa lakhala likumwa usiku wonse. Limakhala lodzaza madzi. Chimanga chilichonse, ngakhale chofooka chotani, m'mamawa chimaoneka ngwazi. Mbewu zina zonse zinali kuno ku Balaka, zinkadulidwa masana. Pirira yokha ndi imene inali ku Nselema. Kompyuta inauzidwa kuti awa ndi masamba a masana, ndiye inaona chozizwitsa."

"Mukanayeza masamba a m'firiji mukanadziwa?"

"Tsiku lomwelo. Tsamba limapanga shuga masana, usiku limamudya. La m'mamawa limakhala litatha shuga, silinganame. Komanso makina oyezera amasunga nthawi m'mafayilo. Tsamba lodulidwa masana ku Nselema silingayezedwe ku Balaka masana asanakwane." Kenako anawonjezera, "Adokotala ankandiona ndikudzida, ndikubwereza ntchito, ndikuwapepesa. Ankandisisita paphewa."

Nditadula foni ndinakhala pa muzu wa mtengowo. Zonse zinali kuloza Umar: makiyi, mzikiti, nsomba, ndipo tsopano chifukwa. Ndinakwiya kwambiri. Ndinali nditamuikira kumbuyo pamaso pa polisi yonse, iye akundiyang'ana n'kumanditcha achemwali.

Kenako ndinakumbukira madzi a sopo m'manja mwanga. Foni ya adokotala inandipeza ndikuchapa, Lachisanu madzulo. Che Swaibu anaona madzi kunsi kwa chitseko Loweruka m'mawa. Thokozire anatsegula chipindacho Loweruka m'mawa. Ine Rashida, wapolisi wa zaka zonsezi, ndinayenda masiku onsewa ndi yankho m'thumba la siketi.

Munthu amene anali ku Lilongwe anadziwa za kuba kumeneku pa Balaka pasanakhale ndi mmodzi yemwe wodziwa.

* * *

Ndinamutulutsa Umar m'chitokosi n'kumukhazika mu ofesi yanga. Sindinamupatse moni.

"Ndadya mango kwa amayi ako. Andiuza za mame."

Nkhope yake inagwa ngati khoma lonyowa.

"Sakudziwa kanthu," ananong'ona. "Chonde, iwo sakudziwa tanthauzo lake."

"Iwe unadziwa liti?"

"Sabata yathayi. Wallahi, achemwali, sabata yathayi. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti tsamba ndi tsamba, mmene ananenera. Adokotala anandiitana mu ofesi asananyamuke. Anati Thokozire akayeza masamba aja, dziko lonse lidziwa kuti njala ya Nselema inabwera ndi ine. Anati anthu akawotcha nyumba ya amayi. Ndinawakumbutsa kuti anandiloleza okha. Anati iwo sakukumbuka, komabe sanditaya, poti ndine mwana wawo."

"Ndiye anakutuma."

"Anati Ijuma, Che Swaibu akapita ku mzikiti, ndizimitse firiji, kompyuta ndikaiponye mu Shire pa mlatho wa Liwonde. Ndikatha ndiwaimbire. Ndinawaimbira. Anati ndachita bwino, ndipite ku Nayuchi ndikafunire amayi chimanga, ndikhale kutali mpaka fumbi litsike. Anati zidzaoneka ngati akuba wamba."

"Ndipo ukuwadikirabe."

"Abwera. Akudikira kuti zinthu zizizire, adzanena kuti sakufuna mlandu."

Ndinamuyang'ana. Mkwiyo wanga unasanduka chisoni, ndipo chisonicho chinandipweteka kuposa mkwiyo.

"Umar, ukuganiza kuti apolisi a pa Nayuchi anakudziwa bwanji pakati pa msika wonse uja?"

"Mwina Che Swaibu..."

"Che Swaibu anakubisa mpaka kukunamizira kutsekula m'mimba. Anandiimbira ndi adokotala ako. Lachisanu madzulo, utangomaliza kulankhula nawo. Anatchula dzina lako, anatchula Nayuchi. Anati ukavala malaya obiriwira a mizere, akuwadziwa bwino chifukwa anakugulira okha."

Anayang'ana malaya amene anavala. Anagwira kolala, anaisisita ndi chala, ngati akuiona koyamba. Sanalire.

"Anandiuza kuti ndivale amenewa," anatero. "Anati ndizioneka bwino pa ulendo."

Panja wina ankakangana ndi wa pa kauntala za njinga yake yolandidwa.

"Popanda kompyuta, ndi mawu ako okha kulimbana ndi a munthu wa malaya oyera," ndinamuuza. "Ukudziwa amene khoti limumvere. Ukanakhala kuti sunaiponye m'madzi, bwana akanakupatsa belo, ukanakhala mboni ya boma."

"Sindinaiponye."

"Wati chiyani?"

"Ndinaima pa mlatho, ndinaitulutsa m'chikwama. Koma munali ntchito ya a Thokozire mmenemo, ndinkawaona mmene ankavutikira. Manja anakana." Anatsitsa mawu. "Ili mu nkhokwe ya amayi. Chaka chino palibe amene amasuzumiramo."

* * *

Bwana anavomera. Anatuma anyamata awiri kukatenga Dokotala Nampeya, amene akuti anawafunsa kaye ngati adya. Ife tinanyamuka pa galimoto ya polisi, ine, Thokozire, ndi Umar ali mu unyolo monga mwa lamulo. Pepala la belo linali m'thumba mwanga, losainidwa kale, kudikira kompyuta yokha.

Galimoto ya polisi siilowa m'mudzi mwakachetechete. Tisanazimitse injini, amayi anali atayamba kale kutuluka m'nyumba, ena ndi ana kumbuyo, ena ndi ndowa za pa mjigo. Anaima mozungulira bwalo la mayi Lukiya. Anali owonda, zitenje zitazungulira kawiri m'chiuno.

"Mwam'bweretsa!" mayi Lukiya anathamanga, kenako anaona unyolo. "Nanga ichi?"

Umar sanawayang'ane. Anapita pa nkhokwe, anakwera pa mwala, analowetsa manja onse awiri omangidwawo, natulutsa chikwama chokutidwa ndi thumba la feteleza.

Thokozire anaika kompyuta pa boneti n'kuiyatsa. Batire linali likadali ndi moyo. Zala zake zinathamanga, kenako zinaima. Anatsegula fayilo ina, ndi ina. Ndikanadziwa ndikanamukokera m'galimoto, koma mtsikana uja mawu amamutuluka asanawaganize.

"Onse," anatero mokweza. "Onse anayezedwa m'mawa. Palibe ngakhale tsamba limodzi la masana. Pirira sinapirirepo chiyambire, asajeni. Inangodulidwa ndi mame basi!"

Bwalo lonse linamva.

"Akuti chiyani ameneyu?" anafunsa mayi wina wamtali, wa mpango wakuda. Ndinamudziwa. Anaika mwana wake wamng'ono m'manda mwezi wa Ogasiti.

Umar ndi amene anayankha. Anaima pakati pa bwalo, nafotokoza zonse m'Chiyao, osabisa kanthu: za kugwa pa Ntaja, za foni, za mame, za zimene tsamba la m'mamawa limachita. Ananenanso kuti adokotala anamuloleza, ndipo pambuyo pake analemba zabodza. Koma adokotala anali ku Balaka. Amene anali pamaso pawo ndi Umar, mwana wa mayi amene anagogoda pa zitseko zawo.

Palibe anakuwa. Palibe anatola mwala. Ndikanakonda akanakuwa, chifukwa phokoso ndimadziwa kuthana nalo. Anangoima, akumuyang'ana. Mayi wa mpango wakuda uja anatula ndowa yake pansi pang'onopang'ono.

Mayi Lukiya anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda nkhokwe, nakhala pansi pa dothi, miyendo atatambasula.

Ndinatulutsa kiyi. Ndinamasula unyolo, ndinatulutsa pepala lija n'kulikweza kuti onse aone.

"Umar Twaha sanabe kuti agulitse," ndinalengeza ndi mawu anga a ntchito. "Anatumidwa ndi munthu amene ankamukhulupirira. Tsopano ndi mboni ya boma. Ali pa belo, agona kwawo."

Umar anasisita m'manja mmene munadutsa chitsulo. Anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, anthu amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Ana ake awiri anali pakhomo la nyumba, ndipo wamkulu anagwira wamng'ono kuti asathamangire kwa bambo ake.

"Amama," anaitana.

Mayi Lukiya anali kuyang'ana dothi la pakati pa mapazi awo.

Umar anatembenukira kwa ine, natambasula manja onse awiri, ataphatikiza.

"Ndimangeni, achemwali. Kuno sindingagone."

Ndinadikira kuti mwina amayi ake anena kanthu. Sanatukule mutu.

Ndinamumanga.